Musaichotse matumbo gumbagumba ya bambo anu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Malemu bambo awo anasiya radiogram ya Supersonic, ija yamiyendo inayi yokhala ndi wayilesi mbali ina, galamafoni mbali ina, ndipo yakhala zaka zambiri m'chipinda cha katundu. Akufunsa ngati angoilumikiza kumagetsi aone ngati ikulira, kapena amvere mnyamata wina wokonza mafoni amene wati achotse zonse zam'kati, aikemo Bluetooth, bokosilo lizingokongoletsa pabalaza.

Achimwene, zonse ziwirizo ayi. Koma yachiwiriyo yanditosa pachilonda, ndiye mundipirire.

Amalume anga anali mtchona ku Bulawayo, kumene kunali fakitale ya Supersonic. Pobwerera kumudzi ananyamula masutikesi, njinga ndi gumbagumba yotereyi, pasitima yodzera ku Dondo mpaka ku Limbe. Pamwamba pake pankakhala kansalu koluka, ndipo mwana akangoyandikira ankamva "Iwe!" kuchokera kukhitchini. Amalume okha ndiwo ankaigwira. Ankasanjikiza zimbale zingapo pakamtengo kapakati, n'kukankha kabatani, ndiye chimbale chimodzi chinkagwa, mkono n'kunyamuka wokha, n'kukatsika pamphepete pa chimbalecho bwinobwino. Ife ana nyimbo sitinkaimva n'komwe, maso onse anali pamkonowo.

Atamwalira, msuweni wanga anaitengera kwa mmisiri wina wa pamsika chifukwa inkazungulira mwaulesi, oimba onse akumveka oledzera. Mmisiriyo anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti zinatha izi, zipangizo zake sizipezekanso. Anazula chilichonse, anamangiramo wayilesi ya galimoto ya kaseti, ndipo thiransifoma ndi mawaya a kopa sitinazionenso. Popita inanyamulidwa ndi amuna awiri, pobwera mnyamata mmodzi anaisenza pamutu. Wayilesi ya galimotoyo inafa chaka chisanathe, bokosi n'kukhala mosungira mabuku a sukulu mpaka chiswe chinalimaliza.

Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti matenda ake anali aang'ono. Magalamafoni a makampani a BSR ndi Garrard, amene ankaikidwa m'ma radiogram ambiri nthawi imeneyo, amayendetsedwa ndi kagudumu ka labala kokhala pakati pa mota ndi mbale yozungulira ija. Labalayo akakalamba amauma n'kuyamba kutereka. Girisi wa m'magiya nayenso amauma gwa, mkono n'kuleka kunyamuka. Kutsuka, kuthira girisi wina, kusintha kagudumu, basi. Ntchito ya masana amodzi. Koma munthu amene sanaphunzire zimenezi savomera kuti sakudziwa, amangoti zinatha, ndipo zitsulozo zili ndi mtengo wake pa sikelo.

Khalidwe lomweli lagwiranso ma jukebox, makina oimba zimbale munthu akaponyamo ndalama, ndipo kumeneko ndiye ndimalephera kudzigwira. Ndili mnyamata, pa botolo sitolo ina pafupi ndi depoti ya basi panali jukebox imene tinkaisuzumira pawindo. Munthu ankaponyamo 10 tambala, imene akuluakulu ankaitchulabe sheleni ngakhale kwacha inali italowa kale mu 1971, n'kudina chilembo ndi nambala. Kenako makinawo ankayenda okha kukasaka chimbale chake pakati pa zinzake, onse m'baramo akudikira kuti amve zimene wasankha. Ukasankha nyimbo yoipa unkasekedwa ndi bala yonse. Masiku ano ndaonapo ma jukebox m'malo ena ogona alendo, magetsi akuthwanima bwino, koma ukasuzumira m'kati mulibe kanthu, muli sipika ya pulasitiki ndi foni ya woperekera zakumwa.

Anthu amene anapanga makinawa sankasewera. Jukebox ya Wurlitzer 1015 ya mu 1946, ija yozungulira pamwamba yokhala ndi timachubu totuluka thovu, inkanyamula zimbale 24 za 78, zija zozungulira ka 78 pamphindi. Mu 1948 kampani ya Seeburg inatulutsa makina osankhamo nyimbo 100, opikisana nawo n'kusowa mtendere. Chaka chotsatira RCA Victor inabweretsa tizimbale ta 45, tozungulira ka 45 pamphindi, topepuka, tosasweka wamba, ta bowo lalikulu pakati, ndipo mu 1950 Seeburg inali itapanga kale jukebox yoimba timeneti. Zonsezi zinkayenda ndi mota, magiya, masipuling'i ndi timaswitchi, mopanda kompyuta. N'chifukwa chake zimakonzeka. Chilichonse cham'katimo umachiona ndi maso, n'kuchitsata ndi chala mpaka upeze pamene chagwira.

Pali kamsampha kena kamene kapusitsa amisiri ambiri kuno. Makina opangidwira ku America amayembekeza magetsi a 110V ndi 60Hz, pamene athu ndi a 230V ndi 50Hz. Thiransifoma imathetsa vuto la mavoti lokha. Liwiro la mota limatsatira ma Hz, kutanthauza kangati magetsi amasinthasintha pa sekondi, ndiye chimbale choyenera kuzungulira ka 45 pamphindi chimazungulira ka 37.5, mawu n'kumakoka. Wosadziwa amati mota yatopa, n'kuitaya ili yabwinobwino, chonsecho chofunika n'kusintha giya kapena kukulitsa kamtengo ka motayo. Yanuyo, achimwene, vuto limeneli ilibe, inapangidwira magetsi a kuno konkuno.

Ena adzati ndikukakamira zakale, foni imamveka bwino kuposa. Pa kuyera kwa mawu sinditsutsa, foni ilibe kuthetheka. Koma chimbale cha 45 chimatha m'mphindi zitatu kapena zinayi, wina ayenera kudzuka kukatembenuza, ndipo podzukapo pamabuka mkangano wa nyimbo yotsatira. Nyimbo inkamvedwa ndi nyumba yonse pamodzi. Makolo athu anazolowera zimenezi kuyambira pa kawayilesi ka Saucepan Special, kamene kanatuluka mu 1949 pamtengo wa mapaundi 5, kopangidwa ndi Ever Ready, anthu n'kumasonkhana pakhonde kumvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Kenako kunabwera mawayilesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre. Ambiri mwa amenewa tinataya kudzala tokha, lero tikuwaona pa intaneti akugulitsidwa ndi azungu.

Ndiponso sindigwirizana ndi aja amene amaipukuta n'kuikhazika pakona osailiza, ati kuopa kuiwononga. Chowononga makinawa ndi kukhala chete. Labala amaphwatalala pamalo amodzi, girisi amauma, mbewa zimapeza nyumba.

Musanaiyatse

Musailumikize kumagetsi. M'katimo muli ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi, amene amauma kapena kudontha akakhalitsa osagwira ntchito, ndipo mukawapatsa magetsi onse mwadzidzidzi angathe kuphulika kapena kupsereza thiransifoma, chipangizo chovuta kuchipeza kuposa zonse. Tsegulani kumbuyo, chotsani zisa za mbewa ndi mphemvu ndi kaburashi kouma, onani ngati mawaya adyedwa. Ngati ili ya mavalavu, timababu tija totentha, dziwani kuti ikayatsidwa imasunga magetsi oopsa ngakhale mutaizula pakhoma, ndiye zala zanu zisalowemo.

Sakani mmisiri wa mawayilesi wachikulire, osati wa mafoni, ndipo mupangane poyamba kuti chilichonse chimene achotse chibwere kwa inu m'kajumbo. Asinthe ma capacitor, atsuke magiya, aone kagudumu kaja. Poyatsa koyamba adutsitse magetsi mu babu lachikale la 60W: likawala kwambiri osazilala, pali shoti, azimitse msanga. Singano yakale isinthidwe musanaikepo chimbale chimene mumachikonda, chifukwa singano yobuntha imapala mizere ndipo sibwerera. Mawu akakhala otsika kwambiri pa galamafoni pamene wayilesi ikulira bwino, kawirikawiri ndi kamutu konyamula singanoko kamene kafa ndi chinyontho, ndipo kamagulidwa pakokha. Zimbale muzitsuka ndi madzi ndi sopo pang'ono, pepala lapakati lisanyowe, koma za 78 zisakhudzane ndi spirit, amazisungunula.

Bluetooth mukaifunadi, yang'anani kumbuyoko ngati pali polowetsera tepi. Ma radiogram ambiri ali napo, ndipo kachipangizo ka Bluetooth kamalumikizidwa pamenepo popanda kudula waya ndi umodzi womwe. Mukatsegula, munditumizire chithunzi cha kapepala ka nambala komatidwa kumbuyo ndi cha mkono wa galamafoniyo, ndikuuzeni singano yoti mufunse.