Amuna anga amasiya kupuma m'tulo: kodi n'zimene zikusokoneza mtima wawo?

Mayi wina wanditumizira imelo iyi: "Amuna anga ali ndi matenda a mtima wofooka. Usiku amaliza mkonono, kenako zii, osapuma, mpaka adzidzimuke mobanika. Tsopano adokotala akuti mtima ukugundanso mosalongosoka. Kodi ziwirizi n'zogwirizana?"

Mayi, n'zogwirizana kwambiri, ndipo zimene mumaona usikuzo adokotala sangazione pakuwayeza masana. Muwauze zonse.

Vutoli madokotala amalitcha sleep apnea. Kupuma kumaima kwa masekondi 10 kapena kuposa, mobwerezabwereza, ndipo zikamachitika maulendo oposa 30 pa ola ndiye kuti lakula. Pafupifupi theka la odwala mtima wofooka ali nalo, ambiri osadziwa, poti ena saodzera n'komwe masana.

Vutoli lili m'mitundu iwiri, ndipo woyamba ndi wotsekeka pakhosi. Pakhosi pakatsekeka, chifuwa chimalimbikirabe kukoka mpweya umene sukulowa, ndipo kukokako kumatamula zipinda zam'mwamba za mtima. Okosijeni amatsika m'magazi, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono. Ubongo ukamudzidzimutsa munthuyo kuti apume, thupi limatulutsa adrenaline, timadzi ta m'thupi tofulumizitsa mtima, ndiye mtima n'kuthamanga, BP n'kukwera. Usiku umodzi izi zitha kuchitika kambirimbiri, ndiye taganizani mtima wotopa kale ukupirira zimenezi kwa zaka. Zipinda zija zimakula, zimachita zipsera, ndipo timagetsi timene timalamulira kagundidwe timasokonekera. Kawirikawiri chotsatira chake ndi atrial fibrillation, pamene zipinda zam'mwambazo zimangonjenjemera m'malo mofinya magazi. Magazi ochedwa m'menemo amatha kuundana n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kudwala sitiroko. N'chifukwa chake ambiri amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Ngakhale madokotala aubwezeretse mtima m'kagundidwe kake, vutoli limakonda kubwerera ngati za kupumazi sizinakonzedwe.

Nawonso mtima wofooka umakulitsa vuto la kupuma. Madzi amene amatupitsa miyendo masana amasamukira m'khosi ndi m'mapapo munthu akagona. Pamenepa pamabwera mtundu wachiwiri: pakhosi pali potseguka, koma ubongo ndi umene ukuyamba wasiya kulamula kuti munthu apume. Kupuma kumayamba pang'ono, kukula, kucheperachepera, kuima, n'kuyambiranso. Dzina lake ndi Cheyne-Stokes.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi ndiye nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse. Kwa amene pakhosi pamatsekeka, makina a CPAP, opopera mpweya kudzera m'chovala cha pamphuno, amathandiza. Koma mu 2015 kafukufuku wa SERVE-HF anapeza kuti makina ena othandiza kupuma otchedwa ASV anachulukitsa imfa mwa odwala mtima wofooka kwambiri amene anali ndi mtundu wachiwiriwu. Choncho musagule kapena kubwereka makina bambo asanayezedwe. Mkonono umaloza ku mtundu woyamba, koma munthu mmodzi atha kukhala ndi yonse iwiri.

Pemphani kuti awayeze kapumidwe ali m'tulo, komanso awaveke Holter, kachipangizo kojambula kagundidwe ka mtima kwa maola 24, kuti aone zimene mtima umachita usiku. Ngati bambo alola, ajambuleni vidiyo pafoni akugona, mukaonetse kuchipatala. Mankhwala a mtima, kuphatikizapo okodzetsa ngati anapatsidwa, asadumphitse, chifukwa madzi otupitsa aja akachepa m'thupi kupuma kwa usiku kumakhalanso bwinoko. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa amafooketsa minofu ya pakhosi, awapewe. Kugona chammbali kumaposa chagada.

Ndikudziwa kuti inunso simukugona, mukungomvetsera ngati apumanso. Zimenezonso mukazinene. Koma akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, akabanika ali chikhalire, kapena pakamwa pakapotoka ndi mkono kulefuka, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.