Lembetsani ndithu, ngakhale si inu mmisiri

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kupita nawo pa ulendo wa mpingo wokakonza nyumba ya agogo ena pamene zomangamanga simuzidziwa. Lembetsani ndithu. Ife titapita ku Phalombe mu 2023, patangotha miyezi ingapo namondwe wa Freddy atawononga, amisiri analipo awiri okha. Enafe tinkatunga madzi, kututa njerwa ndi kusefa mchenga. Madzi ndiye sachedwa kutha, ndipo akangotha mmisiri amakhala pansi.

Nyumbayo inali itagwa khoma limodzi, denga litapendekeka. Titasasula malata tinapeza mapaso onse atadyedwa ndi chiswe, ukagwira akungofumbutuka m'manja. Tinachita kubwerera kumsika kukagula ena, tsiku lathunthu n'kupita. Choncho auzeni akuluampingo atumize kaye mmisiri akaione nyumbayo asanalembe zogula. Mitengo yatsopanoyo muipake oyilo wakuda wa galimoto musanakhomerepo malata.

Nyamulani ufa wanu, nyemba, mchere ndi sopo. Agogo amene tinawakonzera aja anafuna kutiphera nkhuku yawo imodzi yokhayo, tinavutika kuwakaniza mwaulemu. Mukakafika mukayambe mwaonekera kwa amfumu, ndipo anyamata a m'mudzimo mukawaitane agwire nanu. Akamangoonerera patali zimakhala ngati mwabwera kudzawachititsa manyazi.

Ulendowo usadutse Okutobala, mvula ikayamba khoma laliwisi silichedwa kukokoloka. Nsapato zikhale zotseka. Ine ndinapita ndi patapata, msomali wa malata unandibaya tsiku lachiwiri lomwe.