Malata a geji 28 ochita dzimbiri msanga

Achimwene mwafunsa kuti bwanji malata anu omwe anakuuzani kuti ndi geji 28 agwira dzimbiri patangotha mvula ziwiri, pomwe a geji 30 a aneba anu akadali mbee. Pamenepa pali nkhani ziwiri zimene ambirife timazisakaniza, kukhuthala kwa lata ndi chomwe analikutira pamwamba.

Geji imangonena kukhuthala basi, nambala ikamakwera lata limapyapyala, 32 ndi lopyapyala kuposa 28. Koma geji siili ngati milimita ayi, mafakitale amasiyana kawerengedwe, 28 wa uyu atha kukhala 0.32 mm, wa winayo n'kuchepera pamenepo koma onse akulemba 28. Ine ndinasiya kufunsa geji, ndimafunsa mamilimita kenako ndimatulutsa micrometer yanga (kachipangizo koyezera kukhuthala) pa kauntala ya sitolo pomwepo, imawerenga mpaka 0.01 mm, vernier caliper imathandizako koma pa chinthu chopyapyala chonchi imaphonya. Muziyeza pamalo osalala, osati popindika kapena m'mphepete momwe makina anadula, ndipo ngati ndi lopenta dziwani kuti penti nayo yalowa mu muyesomo, ndiye funsani BMT, kukhuthala kwa chitsulo chokhacho. Mulibe micrometer? Sikelo ilipo. Chitsulo cha 0.30 mm chimalemera pafupifupi 2.4 kg pa sikweya mita, cha 0.20 mm ndi 1.6 kg, ikani malata awiri ofanana saizi pa sikelo muona nokha kusiyana kwake.

Tsono dzimbiri lanulo ine ndikukayikira chokutira. Malata a galvanised amakutidwa ndi zinki, mukaona Z275 ndiye kuti zinki ndi magalamu 275 pa sikweya mita mbali zonse ziwiri pamodzi, Z100 ndi yochepa kwambiri, ndipo lata lokhuthala la zinki yochepa lidzachita dzimbiri msanga, lata lopyapyala la zinki yambiri lisanayambe. Pali ena a aluzinc, chokutira chake 55% ndi aluminiyamu, kwinako zinki ndi kasilikoni pang'ono, amalemba AZ150 kapena AZ100, awa amapirira kwambiri padenga la nyumba koma amadana ndi simenti yaiwisi komanso mpweya wa m'khola la nkhuku kapena nkhumba.

China chomwe chimandiwawa mtima, amisiri ena amadula malata ndi grinder ali padenga pomwepo, tizitsulo totentha tija timagwera pa lata n'kumatirira, mvula ikangogwa timadontho tofiira mbwee. Kwerani mukaone, ngati dzimbirilo lili timadontho pafupi ndi podula ndiye kuti mwina ndi zimenezi, kwechani pang'onopang'ono mupake primer (penti yoyambirira yoteteza chitsulo) dzimbirilo lisanalowe mkati. Koma ngati lafalikira lata lonse, tengani lisiti ndi chidutswa chotsala mubwerere komwe munagula, akakana mupite nazo ku Malawi Bureau of Standards, nkhani za miyeso ndi miyezo ya katundu ndi ntchito yawo.