Musathamangire kubooletsa dzino limene silikukuwawani

Achemwali ena a ku Johannesburg anditumizira imelo kufunsa ngati achotsetse zomatira zakuda zimene zili m'mano mwawo, poti aonera vidiyo pa Facebook yonena kuti muli poizoni. Achemwali, funso lanu landifika pamtima, chifukwa vidiyo ya mtundu womwewo ndi imene inawonongetsa dzino la azakhali anga.

Azakhaliwa amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Mano awo anamatidwa kalekale asanachoke kumudzi, ndipo ankatafunira chimanga chokazinga osadandaula. Koma ankangomva kutopa, mutu kuwawa, kuiwalaiwala. Munthu wogwira ntchito usiku, masana n'kumaganizira fizi ya ana a achimwene ake, kutopa kungamusiye bwanji? Vidiyo ija inati vuto ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chimene chili m'zomatirazo. Anatenga ndalama zimene ankasungira malata a nyumba, n'kukachotsetsa zomatira zonse kuchipatala cholipira. Dzino lina lakumapeto linali lomatidwa mozama, m'mbali mwake mutatsala mopyapyala. Atalibooleranso, linang'aluka pasanathe chaka ndipo analizula. Kutopa kuja kudakalipo mpaka lero.

Sindikukana kuti mekyule ndi woopsa. Chomatira chakudacho, amalgam, pafupifupi theka lake ndi mekyule, wosakaniza ndi siliva, tini ndi kopa. Ku Minamata m'dziko la Japan, mu 1956, anthu anayamba kupuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo mekyule, ndipo pangano la mayiko la 2013 lochepetsa mekyule linatenga dzina la mzindawo. Norway inasiya amalgam mu 2008, mayiko a European Union analetsa kuyambira Januwale 2025. Koma chimene aletsa ndi kuika watsopano, makamaka poteteza madzi ndi nthaka. Palibe boma lauza anthu ake kuti akakumbitse zakale. Ngakhale bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, limene mu 2020 linati oyembekezera, oyamwitsa, ana aang'ono ndi odwala impso asaikidwe amalgam watsopano, linanenanso kuti chomatira chimene chili bwino chisachotsedwe. Nthunzi yambiri ya mekyule imatuluka pa nthawi yoboolayo, ndipo makina aja amadyanso dzino lenilenilo.

Chimandiwawa n'choti ife tachokera kutali pa nkhani ya mano. Kwathu kuno ambiri timafika kuchipatala tsaya litatupa kale, chotsala n'kuzula basi. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 pa sukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences. Ndiye munthu wapeza mwayi, dzino lake lapulumuka, latumikira zaka makumi awiri, wina wa pa intaneti amene akugulitsanso mapilisi ochapa m'thupi amuopseze kuti akalibooletse? Ayi ndithu, ndikukana. Ndipo ngati tikuopadi mekyule, tiyambire pa mafuta oyeretsa khungu amene adzaza m'misika, ena mwa iwo muli mekyule ndipo anthu amadzola m'mawa ndi madzulo. Tiganizirenso anyamata okumba golide amene amawotcha mekyule pamoto nkhope ili pomwepo.

Nanga ngati kuchotsa n'kofunikadi?

Kumafunika ngati chomatira chasweka, dzino layambanso kuwola pansi pake, kapena adokotala atsimikiza kuti thupi lanu siligwirizana ndi zitsulozo. Ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, dikirani, pokhapokha ululu utakula. Funsani ngati amaika kampira kophimba m'kamwa kotchedwa rubber dam, ngati ali ndi chopopera champhamvu, ngati amathira madzi ambiri poboola, komanso ngati amadula chomatiracho m'zidutswa m'malo mochipera chonse. Akayankha mozemba, pitani kwina.

Choikapo china chimadalira kukula kwa bowo. Composite ndi yoyera ngati dzino, koma imafuna pouma poiika, ndipo pa bowo lalikulu la dzino lotafunira nthawi zambiri sikhalitsa ngati amalgam. Glass ionomer imatulutsa fluoride, mankhwala oteteza mano kuti asawole, ndipo ndi yabwino pa mabowo aang'ono, koma imaperesuka msanga. Dzino likatsala lopyapyala ngati la azakhali lija limafunika chipewa chophimba dzino lonse, cha ceramic kapena golide, ndipo mtengo wake mufunsiretu asanayatse makina. Poyamba kajambulitseni X-ray, achemwali, ndipo muuze adokotala akuonetseni pa chithunzicho pamene pawonongeka.