Yankho la amalume pa nkhani ya ngongole ya alamu

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikuyankha ndi mawu, maso angawa ndi tizilembo ta pafoni zinasemphana kale.

Mphwanga, funso lako ndalimva. Ukuti alamu ako anakongola ndalama zako za feteleza, mpaka lero zii, mukakumana mumsika wa Zomba amakulambalala, ndiye ukadye bwanji Mgonero Lamulungu mtima uli chonchi. Komanso ukufunsa ngati kukhululuka n'kuiwala ndalamazo.

Tsegula Mateyu 18, kuyambira vesi 21. Petro ankaona ngati kukhululuka ka 7 wachita zazikulu, Yesu akuti ayi, 70 kuchulukitsa ndi 7. Kenaka akubwera ndi fanizo la wantchito uja, mfumu inamukhululukira ngongole yaikulu zedi ya matalente 10,000, iye atangotuluka panja n'kumugwira pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Tsono tamvetsera apa. Dinari imodzi anali malipiro a tsiku lathunthu la ganyu, onani Mateyu 20. Ndiye madinari 100 ndi thukuta la miyezi itatu n'kupitirira. Si ndalama yochepa ayi, ndipo Yesu sakunena kuti ndi yochepa. Chomwe chinamupalamulitsa munthu uja n'chakuti mnzake anagwada n'kupempha kuti amulezere mtima, iye n'kukamutsekera m'ndende, chonsecho iyeyo anali atangomasulidwa kumene.

Ndalama zako ukhoza kufunsa, ndi zako. Koma chotsa dzanja pakhosi. Dzanja lake ndi lomwe lija, kuwatchula maina kuchigayo, kuwajeda pa status. Inde, ndinaiona status ija, ufufute lero lomwe.

Usadikirenso kuti iwo ayambe kupepesa. Vesi 15 ya Mateyu 18 ikuti wolakwiridwayo ndiye apite, akalankhule awiriwiri. Akakana, utenge mmodzi kapena awiri, kaya ankhoswe kaya mkulu wa mpingo wa kudera kwanuko. Mwinatu akukuzemba chifukwa cha manyazi basi, kukolola kwake chaka chino tonse tinakuona. Akati adzabweza pang'onopang'ono akagulitsa nandolo, vomera.

Za Mgonero sindingakuletse, ine si mbusa. Koma Marko 11 vesi 25 akuti ukaimirira kupemphera, khululuka ngati uli ndi kanthu ndi munthu. Lero ndi Lachinayi, nthawi ilipo. Loweruka m'mawa ndikhala kwa Chinamwali, ukafuna ndikuperekeze mpaka pachipata, koma kolowa m'nyumbamo ukalowa wekha. Amayi ako asabwere nawo, mukudziwa nonse pakamwa pa mlongo wangayo.