Mustang ya 1967 yotsegula pamwambayo, yambani mwasuzumira kunsi

Achimwene, ndaona funso lanu la Mustang ya 1967 yotsegula pamwamba imene mwaipeza ku Ohio ija, yomwe akuti anaikamo injini ya Coyote ndipo akufuna madola 70,000 ndi kanthu. Mukufunsa ngati mtengowo uli bwino ndiponso ngati injiniyo njodalirika. Ena pamwambapa akuti mungogula Camry, asiyeni, munthu sanafunse za galimoto yopitira ku shifti.

Injiniyo musade nayo nkhawa. Coyote ndi injini ya V8 ya malita 5.0 ya Ford, inayambira mu Mustang GT ya 2011 ikutulutsa 412 horsepower, ya 2018 inafika 460, siivutavuta ndipo zipangizo zake zili paliponse kuno ku America. Chondidetsa nkhawa ine ndi thupi lomwe injiniyo yakhalamo. Mustang za zaka zimenezo zilibe chasisi chapachokha ngati pikapu ayi, pansi pake, m'mbali ndi denga zonse ndi chinthu chimodzi chowotcherera pamodzi, ndiye mukachotsa denga lachitsulo nkuika lansalu mphamvu yonse imatsalira pansi basi. A Ford anawonjezera zitsulo kunsi kwa zitseko kuti isapindike, koma ankawerengera injini ya 289 ya ma horsepower 200 kapena 225 ndi timatayala topyapyala ta nthawi imeneyo. Pano mwaikamo mphamvu yowirikiza kawiri ndi matayala onenepa ogwira msewu, pa chitsulo cha zaka zoposa 50, ndipo galimotoyo ikuchokera ku Ohio komwe nthawi yozizira amathira mchere m'misewu. Mchere ndi chitsulo mukudziwa kale mmene zimakhalira.

Kugalaja komwe ndimagwira kunabwera ina yofiira, mwini wake mdala wina wopuma pantchito amene anaigula pa intaneti atangoona zithunzi. Penti yake mumatha kumeta ndevu mukudziona, mipando yachikopa, injini yoyera mbee. Titaikweza pa lifti chitseko chakumanzere chinakana kutsekeka, mpata wa pamwamba pa chitseko unayasamula mpaka kulowa chala chachikulu. Mnzanga anatenga sikuludiraiva nkugogoda torque box, kabokosi kachitsulo kamene kamalumikiza mbali yakutsogolo ndi pansi pa galimoto kuseri kwa tayala lakutsogolo, sikuludiraiva inangolowa yonse phoo, kunagwa dzimbiri lodzaza m'manja awiri ndi zidutswa za filler, phala lomatira mabowo lija, zomwe anazipaka utoto wakuda pamwamba kuti zisaoneke. Mdalayo anangokhala pa ndowa osalankhula. Anamulipiritsa ndalama zokwana kugula galimoto ina yabwinobwino kuti asinthe pansi ponse, ndipo pentiyo inawonongeka ndithu chifukwa sungawotcherere pamenepo osakhudza kunja.

Ndiye inu musatumize ngakhale deposit musanaiwone ndi maso, ndipo mukapita musayambe ndi kutsegula boneti, wogulitsa amafuna muyambire pomwepo kuti mukomedwe ndi kulira kwa injini. Tengani tochi, kamaginito ndi botolo la madzi. Madziwo thirani pa timipata tili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo, kenako gwirani kapeti pomwe pamakhala mapazi. Ikanyowa ndiye kuti cowl, chitsulo cha pansi pa timipatato, inawola mkati, ndipo imeneyo ndi ntchito yowawa kwambiri pa Mustang chifukwa pamafunika kuchotsa galasi, ma fender, nkuboola malo onse owotcherera mmodzimmodzi. Maginito yendetsani kunsi kwa zitseko ndi kuzungulira matayala akumbuyo, pomwe sikugwira pali filler. Kenako apempheni aikweze ndi jeke mbali imodzi inu mutsegule ndi kutseka zitseko zonse ziwiri. Akayamba zoti jeke anabwereketsa, kwerani galimoto yanu muzipita. Kunsi yang'anani ngati anaika ma subframe connector, zitsulo ziwiri zazitali zolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, zowotcherera osati zongomanga ndi mabawuti. Yotsegula pamwamba ya Coyote yopanda zimenezo ndiye kuti anaimanga ndi munthu wofuna zithunzi zokha.

China chomwe ambiri sadziwa, Coyote njotakata kwambiri chifukwa cha ma camshaft anayi ali pamwamba, ndiye ngakhale malo a injini mu 1967 anakulitsidwa kuti mulowe injini yaikulu ya 390, nthawi zambiri amadulabe ma shock tower, zitsulo za m'mbali mwa injini zogwira ma shoko, nkuika sasipenshoni yatsopano kutsogolo. Zikachitidwa bwino galimoto imayenda mokoma kuposa mmene inatulukira ku fakitale, koma onani mawotcheredwe ake, ngati ali ngati zitosi za nkhuku moyo wanu ukhala ukudalira pamenepo. Ndiponso podula pamenepo ena amataya VIN, nambala ya ku fakitale ya galimoto. Ya 1967 VIN yake siili pa galasi, za pagalasi zinayamba 1968, iyi anaidinda pa chitsulo cham'mbali mwa injini, mbali ya dalaivala. Iyambe ndi 7, kenako chilembo cha fakitale, F ya Dearborn, R ya San Jose kapena T ya Metuchen, kenako 03 kusonyeza kuti inabadwa yotsegula pamwamba. Mukapeza 01 ndiye kuti inali ya denga wina anaimeta. Kachitsulo ka pa chitseko musakadalire kokha, chitseko chimasinthika. Nambalayo ifanane ndi ya pa title, chikalata cha umwini, apo ayi muvutika ku DMV kolembetsa galimoto.

Mabuleki akhale a disc mawilo onse anayi, kaya Wilwood kaya Baer zilibe kanthu bola asakhale ma drum kumbuyo ndi mphamvu imeneyo. Difu ya kumbuyo ikhale ya 9-inch, ya 8-inch yakale ija siichedwa kutha mano. Tsegulaninso buti muchotse kapeti, pa Mustang zimenezi pamwamba pa thanki ya petulo ndi pomwe pali pansi pa buti, palibe chitsulo china pakati, ndiye nunkhizani ndipo onani mapaipi a mafuta mmene anawadutsira. Denga likwezeni ndi kulitsitsa kangapo, pampu yake ili kuseri kwa mpando wakumbuyo, ikamadontha mafuta kapeti imakhala yonona.

Za mtengo, yomangidwa bwino ndi malisiti ake onse 70,000 si yodula, zabwino zimadutsa 100,000 pa okushoni ya Bring a Trailer kapena ya Mecum, ndipo nchifukwa chake ine ndikukayikira. Kungoika Coyote ndi giya bokosi ya Tremec, mawaya, redieta ndi sasipenshoni kumadya cha m'ma 25,000 kapena 30,000 musanakhudze penti. Afunseni zithunzi za nthawi imene galimoto inali yovula, chitsulo chili poyera. Amene anagwira ntchito yeniyeni amakhala nazo mazanamazana mu foni ndipo amakutopetsa nazo.

Ikanakhala ndalama yanga ndikanasaka ya ku Arizona kapena California komwe kulibe mchere, ya injini ya 302 kapena 347 yoikidwa fuel injection ya Holley Sniper m'malo mwa kabuleta ndi giya faifi. Ma shock tower osadula, imalira m'mawa kozizira osavuta, makaniko aliyense amaidziwa, ndipo mphamvu yake njokwana kwa galimoto yoyendera Lamlungu denga lili pansi. Inshuwaransi pitani kwa Hagerty kapena ena otero a galimoto zakale mugwirizane mtengo wa galimoto pasadakhale, ya wamba ija ikachita ngozi adzakuwerengerani ngati chiphapha chakale, koma ambiri amafuna muli ndi galaja yokhoma ndi galimoto ina yoyendera masiku onse.

Muuzeni wogulitsayo ajambule kunsi mbali zonse ziwiri, makamaka kuseri kwa matayala akutsogolo, ndi VIN ya pa chitsulo ija, muponye muno tiwone musanagule tikiti ya ndege.