Yankho kwa achimwene pa nkhani ya mpira wa mwana

Achimwene, uthenga wanu uja ndaumva, pepani ndachedwa, ndinali pa shifiti ya usiku. Mukufunsa ngati mumulowetse mnyamatayo mu travel soccer, mpira wa makalabu olipiritsa amene amayenda kukasewera kutali, poti akochi akuti ali ndi luso ndipo mpira udzamulipirira koleji. Ndiyankha pompano pagulu kuti a ku South Bend nawo amve, nkhaniyi idzawapezanso.

Ine njira imeneyi ndayendamo zaka 6 ndi mtsikana wathuyu. Fizi ya kalabu inali pafupifupi $3,000 pachaka, koma chimene chinatithyola msana ndi maulendo. Lachisanu ndangoweruka, tikwere galimoto maola 5, tikagone kuhotela imene asankha eni mpikisano. Amati stay to play, simungakagone kwa m'bale ngakhale ali pafupi pomwepo. Ndimakumbukira m'mawa wina ndili m'mbali mwa bwalo, ndafunda bulangete, chisanu chikulowa m'mafupa, mpunga ndi nkhuku zili mu kontena m'galimoto chifukwa ya kulesitilanti inali itatha. Mwana analowa mphindi 15 zokha. Wikendi imeneyo ndinataya mashifiti awiri. Titaphatikiza yunifolomu, nsapato, mafuta ndi hotela, chaka chimodzi chinkadya $7,000. Zaka 6, ndiye $42,000 imeneyo, achimwene.

Tsono tione kumene ndalamayo ikuthamangira. A NCAA, amene amayendetsa masewera a m'makoleji kuno ku America, amanena okha kuti mwa ana 100 osewera ku high school, pafupifupi 2 okha ndi amene amapeza sikolashipu ya masewera. Ndipo mukamva kuti sikolashipu musaganize kuti ndi zonse. Kwa zaka zambiri timu ya mpira ya anyamata ya Division I, gawo lapamwamba mwa magawo atatu a NCAA, inkaloledwa masikolashipu 9.9 basi, oti agawane anyamata pafupifupi 30. Atsikana anali ndi 14. Mu 2025 malamulo anasintha, malire aja anachoka m'makoleji amene analowa dongosolo latsopano, koma ndalama zambiri zikupitabe ku American football ndi basketball. Division III sapereka sikolashipu ya masewera ngakhale senti imodzi. Ivy League, a Harvard ndi a Yale aja, chimodzimodzi. Komanso kwa anyamata malo ndi opanikiza kwambiri, chifukwa makochi amakatenga osewera okhwima kale ku Ulaya, ku Ghana, ku Brazil.

Wathuyu anapeza malo ku Division II, anamupatsa $4,000 pachaka. Tinavina, inde, ndipo mpaka lero ndimamunyadira. Koma ndalama yaikulu inachokera ku magiredi ake ndi fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la ndalama za koleji ku boma. Pell Grant yokha, thandizo la boma losabweza, mu 2025 inkafika $7,395 pachaka kwa banja lopeza zochepa, ndipo safunsa ngati mwana amadziwa kumenya mpira.

Sindikuti mumuletse, ayi. Mpira unamupatsa mwana wanga anzake ndi mwambo, panthawi imene ankadziona mlendo m'kalasi. Zimenezo sindingaziike pa sikelo. Chimene ndikukana n'chakuti mulipire ngati mukugula koleji, mpaka kutenga ngongole pa kirediti kadi kapena kudula ndalama ya mankhwala a amayi kumudzi. Mnyamatayo ali ndi zaka 11. Ayambe timu yapafupi yosayenda kutali, kenako ya kusukulu. Luso likakula, ma academy ambiri a matimu a MLS, ligi yaikulu ya amuna kuno, salipiritsa. Onani Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anadzera ku Sweden ndi ku China, mu 2024 n'kukhala wosewera wopambana onse mu NWSL, ligi yaikulu ya amayi kuno, ali ku Kansas City Current. Sanadzere njira ya mahotelayi.

Ndalama imene mukanapereka kukalabu, ngakhale theka lake, muziika mu akaunti ya 529 yosungira ndalama za maphunziro, imeneyo ndiye ya koleji yeniyeni. Ndipo mukakumana ndi akochiwo muwafunse maso ndi maso: m'zaka 3 zapitazi, ana anu angati anapeza sikolashipu, ndipo aliyense analandira zingati? Muwafunsenso ngati ali ndi thandizo la fizi, makalabu ena amakhala nalo koma sanena mukapanda kufunsa.

Lamlungu tikatuluka kutchalitchi mundiimbire, pepala la fizilo likhale m'manja, alamu akhale pomwepo, tiwerengere limodzi. Mnyamatayo mumufunsenso panokha ngati akufunadi kumagona m'galimoto wikendi iliyonse.